Thunthu Lovala Malaya a Jafeti

Bwato la Jafeti linabwera lokha. Mwera unalikankha kuchokera pakati pa Chilwa mpaka linadzagunda matope a padooko, kumunsi kwa Kachulu, mwini wake mulibe. Munali chikho chokapira madzi ndi timatemba titauma gwa pansi, koma nsungwi yokankhira munalibe. Chinali chaka chija anthu ankangotokota za Chitaganya, mpunga utacha m'madambo, mbalame zikuutsikira ngati utsi.

Amuna anafunafuna. Tisawanamizire, anafuna ndithu. Anazungulira pamadzi oyera kumene mphepo imakatula mitembo, anakafunsa mpaka kuchilumba cha Chisi, koma anabwerako chimanjamanja. Atatopa anayamba kunena zimene asodzi amanena nthawi zonse, zoti nyanja yatenga wake.

Amene anagwada n'kuyang'ana chingwe cha bwatolo anali Elenala yekha, mlongo wake wamkulu wa Jafeti. Chingwecho sichinaduke. Mfundo yake inali yomangika bwinobwino, ndipo mkati mwa mfundomo munali kamtolo ka njedza, udzu wautali uja womera m'nyanja, kozuka ndi mizu yomwe.

"Amalume, taonani apa," anatero kwa a Samsoni, amene anali mwini mbumba. "Munthu womira samangirira bwato. Uyu anamanga panjedza n'kutsika, kapena kukaona miono yake. Mphepo ndiyo yazula njedzazi. Jafeti ali m'njedza, sali m'madzi."

A Samsoni anayang'ana chingwe, kenako anayang'ana Elenala, ndipo maso awo anachedwa pa Elenala kuposa pachingwe.

"Ndamva, mwana wanga. Pita ukapume."

Mawu omwewo akananena wina, bwenzi mabwato atalowa m'njedza tsiku lomwelo. Koma Elenala anali wodwala. Chiyambire njala ya fote naini, imene inamutengera mwana wake Alefa, m'mutu mwake munalowa alendo. Munali mayi wina wamwano amene ankamutukwana kuyambira m'mawa, munalinso bambo wina amene ntchito yake inali kuseka basi. Masiku ambiri ankakhala nawo monga timakhalira ndi udzudzu, akulima, akusinja, akupita kutchalitchi. Koma chaka china anamva Alefa akulira pansi pa tchalitchi. Anakumba ndi manja mpaka zikhadabo zinasupuka, ndipo pansipo panalibe kanthu. Anapita naye kuchipatala ku Zomba, anakhalako dzinja lonse, anabwerako wometedwa ndi wofatsa. Kuyambira pamenepo chilichonse chotuluka pakamwa pake anthu ankachilandira ndi kumwetulira kwachisoni kuja, kumene kumawawa kuposa mbama.

Mwamuna wake, Bizweki, anali munthu wamtima. Pofuna kumutonthoza analowa m'tinjira tingapo ta m'njedza akuitana dzina la mlamu wake. Koma njedza za Chilwa si munda woti ungauzungulire. Zimayandama, zimang'ambika, zimayenda ndi mphepo, njira imene wadutsa m'mawa madzulo uipeza yatsekeka. Bizweki anabwerako mawu atasasa.

Masiku anapita, ndipo mpunga sudikira maliro. Pamudzi pakakhala imfa yosaikidwa palibe amene amagwira chikwakwa, choncho anthu ankangoyang'ana mbalame zikuwadyera chaka chonse. Kung'ung'udza kunayamba kuchitsime, kunafika pabwalo. A Samsoni anasonkhanitsa abale n'kugamula kuti achite monga amachitira makolo munthu akamira osapezeka: aike thunthu la nthochi m'malo mwake, maliro athe, anthu akakolole.

Adzukulu anadula thunthu lalitali ngati Jafeti m'mawa dzuwa lisanatenthe. Analiveka malaya ake a kaki, analigoneka pamphasa m'nyumba mwake. A Samsoni anawerama, nanena motsitsa mawu, "Jafeti, ndiwe uyu. Wafika kwanu." Mkulu wa mpingo anayang'ana kudenga ngati sanamve, kenako anayambitsa nyimbo.

Elenala anakhala kumutu, monga mlongo. Azimayi analira, iye misozi inakana. Anangotambasula dzanja kuti aongole thumba la malaya limene linapindika, ndipo dzanjalo linamuuza chimene sanafune kumva. Thunthulo linali lofunda.

Inu amene munagwirapo thunthu la nthochi mukudziwa kuti limazizira ngati mtsuko. Ili linkatentha ngati munthu wa malungo. Kumunsi, kumene kukanakhala mwendo wamanzere, mphasa inali itanyowa ndi madontho ofiirira. Utomoni wa nthochi umaterodi ukakhalitsa, Elenala ankadziwa zimenezo. Ankadziwanso kuti mutu wake umanama. Anabweza dzanja, kulipana m'khwapa, n'kuyamba kuimba nawo.

"Wayambanso," anatero mayi wa m'mutu uja. "Galu iwe, wayambanso. Akakumetanso."

Anapirira nyimbo imodzi, yachiwiri inamukanika. Anawerama ngati wogwa ndi chisoni, khutu lake n'kugunda pachifuwa cha malaya. Sanamve mawu. Anamva kupuma, kupuma kokoka kwa munthu wotopa. Kuseri kwa kupumako kunali phokoso la anapiye a akakowa akulirira chakudya, mphepo ikuwomba m'njedza, ndi madzi akumenya pansi, phwa, phwa. Anadzutsa mutu, zonse zinati zii. Anaweramanso, zinabweranso.

Apa mtima wake unagunda kwambiri. Alendo ake ankawadziwa monga munthu adziwira anansi oipa. Iwo sankafuna khutu, ankalankhula ngakhale atatseka makutu ndi zala. Izi zinkadikira khutu ligunde malaya. Ndipo malo amene akakowa amaswerana mochuluka chotere anali amodzi okha mbali ino ya nyanja, kumpoto, kupitirira pamene mtsinje umathira. Nthawi ya njala iye ndi Jafeti ankakatola mazira kumeneko.

Rozi, mkazi wa Jafeti, anali pambali pake, nsalu itaphimba kumutu. Elenala anamugwira dzanja n'kuliika pamalaya. Rozi analibweza msanga ngati wagwira mbaula.

"Ndi dzuwa, alamu," ananong'ona. "Analisiya padzuwa."

"M'nyumba muno muli dzuwa?"

Rozi anangoyang'ana chikhatho chake.

Kumanda adzukulu anali atayamba kale kukumba. Elenala anaganiza chinthu chimodzi chokha, ndipo chinamuzizira m'mafupa: ngati Jafeti akupumira m'thunthu ili, nanga akalikwirira ndi dothi apuma bwanji? Anatuluka, anakapeza Bizweki pansi pa mtengo wa mango pamene panakhala amuna, anamukokera pambali n'kumuuza zonse. Bizweki anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope ikugwa pang'onopang'ono.

"Make Alefa," anatero, pakuti dzinali sanalisiye ngakhale mwanayo anapita, "komaliza kugona tulo unagona liti?"

"Bwerani mudzagwire nokha."

"Mwamuna alowe m'siwa kukapapasa maliro anthu akuona? Pirira lero lokha. Ndapota nawe."

Anabwerera m'nyumba. Dzuwa litafika pamutu, mkulu wa mpingo anaimirira pabwalo kuti alalikire, ndipo azimayi anatuluka kukakhala pakhonde. M'nyumba munatsala awiri, mlongo ndi mkazi. Nyumbayo inali yatsopano, khoma lakumbuyo linali la bango lokha, Jafeti anali asanalimate. Elenala anakulunga thunthu m'mphasa, anamanga ndi lamba wa nsalu yake, n'kuyang'ana Rozi. Anayang'anana. Kenako Rozi anatembenukira kukhomo, anakweza maliro mokuwa kuposa tsiku lonse, ndipo kulira kwakeko kunaphimba phokoso la bango likuthyoka.

Thunthu la nthochi si mtolo wa nkhuni. Elenala analisenza khosi likulira, anadzera m'mapesi a chimanga, anatsikira kudooko. Padooko panalibe munthu, onse anali kumaliro. Analigoneka m'bwato la Jafeti lomwelo, anatola nsungwi ya mwini wina, n'kukankha.

Ulendo wake unali wa anthu ambiri ngakhale anali yekha. Mayi uja anatukwana njira yonse, kuti wakuba maliro, mfiti, wopha mwana wake. Bambo uja anaseka mpaka kutsamwa. Elenala anawayankha kamodzi kokha, "Lankhulani, koma nsungwi ili m'manja mwanga." Akafika pamene tinjira tagawikana ankaima, kugwada, kuika khutu pamalaya. Kupuma kuja kunkamveka pafupi akalowera kumpoto. Nthawi ina anaona mphasa ikunthunthumira, anavula nsalu yakumapewa n'kufunditsa thunthulo, nati, "Limba, iwe. Ndikubwera."

Atapitirira pothira mtsinje anayamba kuwamva akakowa ndi makutu ake enieni, osaweramanso. Anawaona akuuluka, oyera mbee pamwamba pa njedza. Koma kanjira kamene ankakadziwa kanali katatsekeka. Chilumba chonse cha njedza chinali chitayandama n'kudzakhala pakamwa pake, chothinana, chachitali kuposa munthu. Analibe chikwanje. Anayamba kuzula ndi manja, njedza zikumucheka zala, bwato likulowa pang'ono n'kubwereranso.

Ndimo mmene anamupezera. Bwato lina linatulukira kumbuyo kwake, Bizweki akukankha, a Samsoni atakhala pakati, chipewa chili pamaondo. Sanamukalipire. Bola akanakalipa, munthu amadziwa poyankha.

"Ali umu," anatero Elenala. "Kuseri kwa njedza izi. Tamverani."

Anaitana dzina la mlongo wake ndi mphamvu zake zonse. Akakowa anabalalika. Onse atatu anatchera khutu. Bizweki nayenso anaitana, anaimba likhweru la asodzi, anamenya nsungwi m'mbali mwa bwato. Panalibe choyankha koma mbalame ndi mphepo.

"Mawu amuthera," anatero Elenala. "Akudwala mwendo. Bambo a Alefa, pano palibe anthu okuonani. Ikani khutu."

Bizweki anawolokera m'bwato la mkazi wake, anagwada, anaika khutu pamalaya a mlamu wake. Anakhala choncho nthawi yaitali, maso atatsinzina, ndipo Elenala anaona kuti mwamunayo akufunitsitsa kumva. Atadzuka, maso ake anali ndi misozi.

"Sindikumva kanthu, mkazi wanga."

"Kufunda nanga?"

"Lafunda. Lakhala padzuwa chichokere kumudzi."

A Samsoni anatsokomola. "Elenala, manda akumbidwa. Ukudziwa kuti manda sagona apululu. Akagona, amaitana wina, ndipo pamudzi paja pali ana. Anthu akhala pabwalo chimvere uthenga, mpingo ukudikira. Ndikawauze chiyani?"

"Mundipatse tsiku limodzi, amalume."

"Tsiku lija kutchalitchi unatinso ukumva bwinobwino," anatero a Samsoni, mofatsa ndithu. "Unalumbira. Tinakuthandiza kukumba. Tinapeza chiyani?"

Mawu amenewa anamulasa pamene panali chilonda. Elenala anayang'ana zala zake zikuchucha magazi, zomwezija, monga tsiku lija. Tsiku lijanso anali wotsimikiza chonchi, mtima unkagunda chonchi, ndipo anali ndi zifukwa zake zomveka bwino m'mutu mwake. Kodi matenda sangaphunzire njira yatsopano? Kodi sangaphunzire kudikira khutu? Mayi wa m'mutu uja anasiya kutukwana, analankhula mokoma kwa nthawi yoyamba. "Waona? Ndife tomwe. Tinangosintha mawu."

Anachita mantha, mantha a munthu amene sangakhulupirire ngakhale khutu lake lomwe. Palibe umphawi woposa umenewo.

"Make Alefa," anatero Bizweki, "tiye tikaike lero, mitima ya anthu igwe pansi. Mawa kukangocha ine ndi iwe tibwera ndi zikwanje, tidula njira iyi mpaka tione kuseri. Ndikulonjeza pamaso pa amalume. Thunthu ndi thunthu. Ngati Jafeti ali moyo, kukwirira nthochi sikungamuphe."

Zinali zomveka, ndipo munthu aliyense wamutu wabwino akananena zomwezo. Elenala anachotsa nsalu yake pathunthu, anaipinda, n'kusuntha kuti Bizweki atenge nsungwi. Palibe amene anamulanda. Anapereka yekha, ndipo chimenechi ndicho chinadzamudya moyo wake wonse.

Anakafika dzuwa litapendeka. Anthu anawalandira, ena akuyang'ana pansi, ena akunong'onezana. Rozi anafunsa ndi maso, Elenala anapukusa mutu. Manda a mudziwo anali kumtunda, kutali ndi madambo, pamene dothi lake ndi katondo wofiira. Anaimba, anapemphera, adzukulu anatsitsa mphasa. Elenala anaima m'mphepete, azimayi awiri atamugwira mikono ngati akumutonthoza.

Khasu loyamba litagwetsa dothi, anamva kutsokomola pansi. Lachiwiri, kutsokomola kunakula, kwa munthu wotsamwa. Analumpha kuti alowe m'dzenjemo koma manja anachuluka, anamugwetsera pansi, wina akuti mugwireni bwino, zamuyambanso. Anakuwa kuti siyani, mukumupha. Nyimbo inakwera kuti imuphimbe. Adzukulu anafulumiza makasu, pakuti anali ndi chisoni ndipo ankafuna zithe msanga. Dothi litafika pakati, kutsokomola kunaleka.

Paja amati wamisala anaona nkhondo. Mwambi umenewu anthu amaukonda, koma amaukumbukira nkhondo itawapyola kale.

Kutacha, mudzi wonse unatsikira kumadambo ndi zikwakwa. Bizweki anasunga lonjezo. Ananola zikwanje ziwiri, anadzutsa mkazi wake amene anagona chogonera pamkeka maso ali pamtunda, nati tiye. Elenala anati palibenso chopitira. Bizweki anati lonjezo ndi lonjezo, ndipo mumtima ankati mkaziyu akaona yekha kuti kulibe kanthu, mwina mutu ukhazikika.

Anadula njedza dzuwa likukwera. Sizinali zambiri monga zinkaonekera. Asanatope n'komwe, bwato linatulukira pakadziwe kakang'ono kobisika, ndipo tsidya lake, pamtunda woti mwana angaponyepo mwala kuchokera pamene anaima dzulo lija, panali kachisakasa ka njedza zopindidwa.

Jafeti anagona chagada m'menemo, wopanda malaya. Nsungwi yake inali pambali, ataimangirira kansanza kumutu kuti wina aone. Mozungulira munali makoko a mazira a akakowa. Mwendo wamanzere unali wotupa mpaka m'bondo, womangidwa ndi luzi pamene china chake chinamucheka. Thupi linali lisanayambe fungo, ntchentche zinali zitangoyamba kumene kufika. Aliyense woona akanadziwa kuti munthuyu dzulo masana anali moyo.

Bizweki anakhala pansi panjedza. Kenako anakwawa kuti akamutseke pakamwa, pakuti panali potsegula. Anagwira chibwano, n'kuima. Analowetsa chala, anachitulutsa, anachiyang'ana.

Linali dothi. Linadzaza m'kamwa, linadzaza m'mphuno, louma, lofiira. Pakati pa Chilwa, pamene pansi ponse ndi matope akuda ndipo mtunda uli kutali, munthu anafa ndi katondo m'kamwa.

Bizweki anayang'ana chala chake, anayang'ana mkazi wake.

"Make Alefa, unanena zoona. Ndikhululukire. Unanena zoona."

Elenala sanalire. M'mutu mwake alendo aja anali chete, ngati ana amene aswa mbale. Anakwera panjedzapo, anakhala pansi, ananyamula mutu wa mlongo wake n'kuuika pamiyendo.

"Musandiuze zimenezo," anatero. "Dzulo ndinali ndi matenda okha. Lero mwandipatsa china. Mawa ndikamva mawu ena, ndidzadziwa bwanji ngati ndi oti ndiwatsatire kapena oti ndiwakane? Ndidzafunsa yani? Inu simukumva."

Bizweki anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka.

Elenala anaviika nsonga ya nsalu yake m'madzi, anafinya pang'ono, n'kuyamba kuchotsa dothi m'kamwa mwa Jafeti. Linali lambiri, ndipo anachotsa mosamala, pang'onopang'ono, kuti asamupweteke.